Lipoti: migolo ya molasesi yomwe inaleka kuwira ku Ngabu, ndi zomwe zinaoneka m'maselo a yisiti

Lipotili likukhudza gulu lina la amayi ndi abambo ochepa la kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa, lomwe limapanga viniga kuchokera ku molasesi. Ntchito yawo ili pawiri. Choyamba yisiti, Saccharomyces cerevisiae yemweyu wophikira buledi ndi mandasi, amadya shuga wa mu molasesi n'kutulutsa ethanol, chinthu choledzeretsa cha mu mowa. Kenako mabakiteriya a mtundu wa Acetobacter amasandutsa ethanolyo kukhala asidi wa viniga. Chinavuta ndi gawo loyambalo. Ine ndimagwira ntchito mu labu yoyeza zakudya ndi zakumwa, ndipo anandiitana mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa litafika posauzana.

Dandaulo lawo

Akatsira yisiti madzulo, m'mawa mgolo unkakhala ukuwira bwinobwino, thovu lili pamwamba. Koma kuwirako sikunkachedwa kuzirala, kenako zii, madzi akadali tseketseke. Akawapititsa choncho ku gawo la viniga, asidi ankatuluka wochepa ndipo pamwamba pankachita chuku.

Mayi wapampando anali atagamula kale mlandu. "Alangizi, yisiti wa masiku ano ndi wosukuluka. Tagula paketi ina, chimodzimodzi. Kapena titsiremo feteleza wa urea monga amachitira ena?"

"Mayi, fetelezayo ayi," ndinatero, "ndipo musataye kanthu kaye. Ndiloleni nditunge pang'ono mu mgolo uliwonse ndikaone."

Zomwe ndinapeza pamalopo

Migolo yake ndi ya pulasitiki, ya malita 200, ndipo inali m'shedi ya malata yopanda mazenera. Masana themomita inkafika madigiri 39 m'kati mwa madziwo. Yisiti wotere amagwira bwino pakati pa 28 ndi 33, ndipo tisaiwale kuti kuwirako pakokha kumatulutsa kutentha, choncho mgolo umatentha kuposa mpweya wa m'shedimo.

Brix, muyeso wa kuchuluka kwa shuga m'madzi, inali kufupi ndi 30, pomwe pa viniga theka lake likanakwana. Chifukwa chake chinadziwika nditacheza ndi mnyamata amene amayang'anira migolo. Iye akaona thovu likuchepa ankati yisiti wamva njala, n'kuthiramo molasesi wina wosasungunula. Madzi osungunulira ankatunga pa mjigo wapafupi, ndipo nditalawa anali a mchere, monga ilili mijigo yambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Molasesi nayenso amabwera ndi mchere wakewake, makamaka potaziyamu. Ndiye yisiti anali m'madzi a shuga wambiri, mchere wa mbali ziwiri, komanso otentha.

Panali chinthu china chomwe poyamba sanachione ngati nkhani. Migolo iwiri yokha ndi imene inatsiridwa yisiti wa m'paketi. Inayo inkayambitsidwa ndi nsenga za mgolo wapitawo, ndipo akhala akutero kuyambira nyengo yozizira: kukokolola nsenga, kuthira mu mgolo watsopano, kutseka chivundikiro pompo. Migolo ya mitundu yonse iwiri inaima, n'chifukwa chake iwo ankati vuto ndi limodzi.

Pa maikulosikopu

Ndinayamba ndi methylene blue, utoto umene umalowa m'selo lakufa n'kulisiya labuluu, pomwe lamoyo limakhala loyera. M'migolo ya yisiti wa m'paketi maselo abuluu anali apo ndi apo. M'migolo ya nsenga analipo ochulukirapo, pamodzi ndi timabakiteriya tooneka ngati timitengo, komabe ambiri anali amoyo. Nkhani yoti yisiti ndi wakufa kapena wosukuluka inathera pomwepo.

Kenako ndinakuza ka 1000, ndi mafuta pa galasi, kuti ndione m'kati mwa maselo. Selo la yisiti ndi la ma micrometre asanu kapena kuposerapo pang'ono (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1000), ndipo chinthu chooneka msanga m'kati mwake ndi vacuole, thumba lokutidwa ndi nembanemba yakeyake. Selo likakhala pamtendere, vacuole imaoneka ngati bwalo limodzi loyera, nthawi zina awiri kapena atatu ogundana. M'maselo a m'migolo iyi bwalolo munalibe. M'malo mwake munali timatumba ting'onoting'ono tili mbwee, tina tovuta n'kutisiyanitsa komwe, ndipo maselowo anali ofota pang'ono. Ma labu okhala ndi maikulosikopu ya fluorescence, yowalitsa utoto, amapaka utoto wa FM4-64, umene Thomas Vida ndi Scott Emr anaonetsa ntchito yake mu 1995, ndipo nembanemba ya vacuole imawala mofiira. Ine ndinalibe zimenezo, koma kusiyana kwake kunali kwakukulu moti maikulosikopu yanga ya phase contrast, yoonetsa za m'selo popanda utoto, inakwanira.

Kuyesa kumene kunandithandiza kwambiri n'kosavuta. Ndinasiya maselo kuti akhazikike pansi, n'kukhuthula madzi a molasesi, n'kuthiramo madzi osungunula okhala ndi kashuga pang'ono chabe. Patatha theka la ola ndinayang'ananso. Yisiti wa m'paketi anali atasintha: m'maselo ambiri timatumba tija tinali titalumikizana, pakati pali bwalo limodzi lalikulu loyera bwino. M'maselo a nsenga zinayenda mwaulesi. Ena anali ndi matumba anayi kapena asanu okulirapo ogundana, ena anali monga analili poyamba.

Apa ndipo panaoneka kuti mavuto ndi awiri. Kuti zimveke, tiyenera kulowa m'kati mwa selo.

Chifukwa chake vacuole imagawikana

Vacuole si thumba la zinyalala chabe. M'kati mwake muli asidi pang'ono, amene pampu yotchedwa V-ATPase imapopera, ndipo muli ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo, ophwanya mapuloteni akale. Imasunganso ma amino acid, phosphate ndi michere ina. Nayitirojeni akasowa, selo limakulunga zina za m'thupi mwake m'kathumba n'kukatumiza ku vacuole kuti zikaphwanyidwe ndi kugwiritsidwanso ntchito. Njira imeneyi ndi autophagy, yomwe Yoshinori Ohsumi anaifufuza mu yisiti yemweyu mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2016. Kathumbako kuti katule katundu wake, nembanemba yake iyenera kulumikizana ndi ya vacuole. Molasesi amakhala ndi nayitirojeni wochepa, ndiye yisiti wa m'migolo ngati iyi amadalira kwambiri njirayi.

Kunja kwa selo kukachuluka shuga ndi mchere, madzi amatuluka m'selo, ndipo vacuole nayo imataya madzi ake. Zam'kati zachepa koma nembanemba ikadali yomweyo, choncho selo limaiduladula kukhala timatumba tambiri, popeza timatumba tating'ono timatenga nembanemba yambiri pa madzi ochepa. Chimene chimalamula kudulako ndi mtundu wina wa mafuta a mu nembanemba, PI(3,5)P2, amene enzyme yotchedwa Fab1 imapanga. Selo likadzidzimutsidwa ndi mchere, mafutawa amachuluka pafupifupi ka 20 m'mphindi zowerengeka. Likapatsidwa mpata, selo limadzikundikira glycerol, amene amakokera madzi m'selo, kudzera mu puloteni ya Hog1, madzi amabwerera, ndipo timatumba tija timalumikizananso. Mpata umenewu ndi womwe mnyamata uja ankawalanda maselo nthawi iliyonse akathira molasesi wokhuthala.

Kugawikana kwa vacuole, tsono, si chizindikiro cha imfa. Funso lofunika ndi loti kodi ingathe kubwerera.

Mmene nembanemba ziwiri zimakhalira imodzi

Nembanemba iliyonse ndi mizere iwiri ya mafuta, mitu yake yokonda madzi ili kunja, michira yodana ndi madzi yabisala m'kati. Ziwiri zikayandikana sizilumikizana zokha. Pakati pawo pamakhala madzi omatirira ku mituyo, ndipo mitu yambiri ili ndi mphamvu ya magetsi yofanana, ndiye imakankhana. Pafunika china chozikoka ndi chozipinda.

Zambiri zomwe tikudziwa pa vacuole zinachokera mu labu ya William Wickner ku Dartmouth, m'dziko la America. Mu 1994 iye pamodzi ndi Albert Haas ndi Barbara Conradt anakonza njira yochenjera yoyezera kulumikizanaku m'chubu. Amatenga ma vacuole a mitundu iwiri ya yisiti. Wina ali ndi enzyme ya Pho8 koma yosatsegulidwa, chifukwa alibe Pep4 yomwe imaitsegula. Winayo ali ndi Pep4 koma alibe Pho8. Ukawasakaniza n'kuthirapo ATP, mankhwala onyamula mphamvu m'selo, Pho8 imayamba kugwira ntchito pokhapokha ma vacuole a mbali ziwirizo atalumikizana ndipo zam'kati zasakanikirana. Ukatsiramo mankhwala amene Pho8 imadula, madzi amasanduka achikasu, ndipo kuchuluka kwa chikasucho ndiye muyeso wake. Ndi njira imeneyi anatha kuchotsa chinthu chimodzichimodzi n'kuona pomwe ntchito ikuimira.

Okoka enieni ndi mapuloteni otchedwa SNARE. Pa vacuole alipo anayi: Vam3, Vti1 ndi Vam7 amachokera ku nembanemba imodzi, Nyv1 ku inzake. Aliyense ali ndi chigawo chachitali, ndipo zigawo zinayizo zikakumana zimapotana monga tipotera chingwe cha khonje, kuyambira kunsonga yakutali kutsikira kumene zamera mu nembanemba. Kupota kukamayandikira kutsinde, nembanemba ziwirizo zimakokedwa mpaka madzi a pakati afinyidwe.

Koma kulumikizana kukatha, ma SNARE anayiwo amatsala opotana pa nembanemba imodzi, opanda ntchito. Choncho gawo loyamba la ulendo uliwonse ndi kuwamasula. Amachita zimenezi ndi Sec17, amene amagwira mtolowo, ndi Sec18, amene amawotcha ATP kuti aupotolole. Mayina awiriwa ali ndi mbiri. Mu 1980 Peter Novick, Charles Field ndi Randy Schekman ku Berkeley anafalitsa kafukufuku wa majini 23 a yisiti amene akawonongeka, timatumba tonyamula katundu timaunjikana m'selo osafika kumene tikupita. Pambuyo pake zinadziwika kuti Sec18 ndi yemweyo NSF amene James Rothman anapeza m'maselo a nyama, ndipo Sec17 ndi mnzake alpha-SNAP. Schekman, Rothman ndi Thomas Südhof anagawana Nobel ya 2013. Yisiti wolumala wa Schekman ankakula bwino pa madigiri 25 n'kumalephera pa 37. Ndikawerenga zimenezo ndimaseka, chifukwa 37 ku Ngabu mu Okutobala timati lero kwachitako bwino. Yisiti wa m'paketi alibe kulumala kumeneko, koma nkhaniyo imakumbutsa kuti mapuloteniwa ali ndi malire ake.

Ma SNARE akamasulidwa, ma vacuole awiri ayenera kugwiridwa kuti asatalikirane. Pa nembanemba iliyonse pali Ypt7, kapuloteni ka m'banja la Rab, kamene kamayaka kakanyamula GTP, mankhwala ofanana ndi ATP, ndipo okayatsa ndi Mon1 ndi Ccz1. Ypt7 woyaka amaitana HOPS, chimpuloteni cha zigawo zisanu ndi chimodzi: Vps11, Vps16, Vps18, Vps33, Vps39 ndi Vps41. Vps39 ali kumapeto kumodzi, Vps41 kwinako, ndipo aliyense amagwira Ypt7 wa vacuole yake, ndiye HOPS amakhala atagwira uku ndi uku. Sathera pomwepo. Vps33 amanyamula Vam3 ndi Nyv1 n'kuwaika moyang'anizana bwino kuti kupotana kuyambe molondola, ndipo HOPS amateteza mtolo watsopanowo kuti Sec18 asaumasule nthawi isanakwane. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsanso kuti Sec17 si womasula chabe. Ali ndi kansonga kodana ndi madzi kamene amakabaya mu nembanemba pafupi ndi ma SNARE, ndipo kameneko kamathandiza kumaliza kulumikizana.

Mabuku ambiri a kusukulu amaima apa, ngati kuti mafuta a mu nembanemba amangodikira kukankhidwa. Pa nkhani ya migolo iyi, mbali ya mafutayo ndiyo inali yofunika.

Ma vacuole awiri akagundana, pamene akhudzanapo pamaphwatalala, ndipo m'mphepete mwa malo ophwatalalawo mumapangika mkombero. Ma SNARE, HOPS ndi Ypt7 amasonkhana mu mkomberowo, ndipo pamodzi nawo pamasonkhana mafuta osankhika: ergosterol, PI3P ndi diacylglycerol. Kusonkhanaku n'kodalirana. Ukatsekereza mafutawo mapuloteni sasonkhana bwino, ukatsekereza mapuloteni mafutawo sasonkhana. Vam7 ndi chitsanzo chabwino. Mosiyana ndi anzake atatu, iye alibe muzu wolowa mu nembanemba, amakangamira pogwira mutu wa PI3P ndi chigawo chake chotchedwa PX. PI3P akasowa, Vam7 sakhazikika, ndipo chingwe chimatsala ndi nkhosi zitatu.

Mafuta ena ntchito yawo ili m'kaumbidwe kawo. Diacylglycerol ndi phosphatidylethanolamine ali ndi mitu ing'onoing'ono ndi michira yotambalala, choncho salola kuima mumzere wowongoka. Pomwe achuluka, nembanemba imapindika mosavuta. Zimenezi n'zofunika chifukwa mizere yakunja ya nembanemba ziwirizo ndi imene imayamba kusakanikirana, yam'kati isanatero, ndipo pamenepo nembanemba imakhala itapindika kwambiri. Kenako mizere yam'kati imatseguka, pamabooka kabowo, kabowoko kamakula, matumba awiri asanduka limodzi. Mu 2008 Joji Mima ndi anzake mu labu ya Wickner anamanga zonsezi kuchokera ku zidutswa zoyeretsedwa, ndipo kulumikizana kwamphamvu kunachitika pamene ma SNARE, Sec17, Sec18, HOPS ndi mafuta osankhikawa zinalipo pamodzi.

Ergosterol ndi nsenga

Ergosterol kwa yisiti ali ngati cholesterol kwa ife. Azachipatala amamudziwa, chifukwa mankhwala a fluconazole amaletsa mafangasi kukula potsekereza kupangidwa kwake. Mu 2001 Masashi Kato ndi Wickner anaonetsa kuti ergosterol amafunika pa gawo lija lomasula ma SNARE, ndiponso kuti yisiti wolumala majini opangira ergosterol amakhala ndi ma vacuole oduladula. Tsono yisiti sangapange ergosterol popanda okosijeni, ngakhalenso mafuta a michira yopindika amene amafewetsa nembanemba. Andreasen ndi Stier anaonetsa zimenezi mu 1953 ndi 1954: yisiti wosapeza mpweya n'komwe amaleka kukula pokhapokha utamupatsa mafutawa. Yisiti wa m'paketi amakulitsidwa kufakitale ndi mpweya wambiri, ndiye amabwera ndi nkhokwe yake. Mu mgolo wotseka, selo likaphuka mwana limagawana naye nkhokweyo, mwanayo n'kugawananso ndi wake. Nsenga zosamutsidwa mgolo ndi mgolo kwa miyezi, osapumako mpweya, zimafika posauka.

Maikulosikopu yanga imaonetsa maonekedwe a vacuole, siyeza ergosterol. Koma mbiri ya nsengazo, ulesi wa ma vacuole ake pobwerera, ndi zomwe zinachitika titazipatsa mpweya, zonse zinaloza kumodzi. Chigamulo changa chinali chakuti yisiti wa m'paketi anali wabwinobwino koma wopanikizidwa ndi shuga, mchere ndi kutentha, pomwe wa nsenga anali ndi mavuto omwewo kuphatikizapo nembanemba zosauka mafuta. Nembanemba yotere imalepheranso kupirira ethanol, ndipo kutentha kumakulitsa ululu wa ethanolyo.

Zomwe tinachita

Migolo iwiri ya yisiti wa m'paketi tinaigawa pakati n'kuthiramo madzi opanda mchere mpaka Brix itatsika kufika cha m'ma 15. Sitinawonjezere yisiti, dala, kuti gululo lione lokha. Inayambanso kuwira usiku womwewo.

Nsenga tinazigawa pawiri. Theka tinalithira mu molasesi wosungunula bwino n'kutseka monga mwa kale. Theka lina tinaliika mu ndowa ya molasesi wopepuka kwambiri, n'kumalitsanulira mu ndowa ina kuchokera m'mwamba mobwerezabwereza masana onse kuti lilowe mpweya, ndipo tinalithira mu mgolo madzulo. Loyamba linawira mofooka n'kuimanso shuga asanathe. Lachiwiri linamaliza, ndipo nditaliyesanso ndi madzi osungunula aja, ma vacuole ake ankabwerera kukhala limodzi pafupifupi mofanana ndi a m'paketi. Ngakhale zinatero, ndinawalangiza kuti nsenga zakalezo azisiye chifukwa cha mabakiteriya omwe anali atachulukamo, ayambirenso ndi paketi, ndipo nsenga zatsopano azizipumitsa mpweya asanazigwiritsenso ntchito. Mpweyawo ndi wa mu ndowa yoyambitsira basi. Mgolo ukayamba kuwira uzikhala wotseka, apo ayi yisiti amangoswana m'malo mopanga ethanol.

Migolo tinaitulutsa m'shedi ya malata kupita pa chisakasa cha udzu, n'kuikulunga ndi masaka onyowa omwe mnyamata uja amawathira madzi dzuwa likakwera. Imakhala pa madigiri 33 kapena 34 masana, zomwe si zabwino kwenikweni koma yisiti amapirira. Kuthira molasesi pakati pa ulendo tinaletsa. Ndinamuonetsa mnyamatayo pa maikulosikopu maselo a mbali ziwiri, ofota ndi obwerera, ndipo anayang'ana nthawi yaitali asanafunse kuti, "Ndiye achimwene, thovu likachepa ndizitani?" Yankho ndi hayidiromita, kachipangizo koyezera Brix. Thovu likachepa Brix itatsika, ntchito yatha. Likachepa Brix ili pamwamba, ayeze kutentha asanakhudze china chilichonse.

Pa urea, mayi wapampando sanalakwitse kuganiza kuti yisiti akusowa nayitirojeni. Koma urea akakumana ndi ethanol amapanga ethyl carbamate, mankhwala amene amaganiziridwa kuti amayambitsa khansa, ndipo feteleza wa kumunda sanapangidwe kuti alowe m'chakudya. Pa chinthu chodyedwa timagwiritsa ntchito diammonium phosphate wovomerezeka pa zakudya, pang'ono, pa chiyambi.

Chomwe chatsala chosathetsedwa ndi madzi. Mjigo wa madzi abwino uli patali, ndipo kutunga malita mazanamazana pa njinga kukuwadyera phindu. Panopa akusakaniza madzi a mijigo iwiriyo theka ndi theka, ndipo pa Brix ya 15 yisiti akumaliza ntchito, ngakhale mochedwerapo poyerekeza ndi mgolo wa madzi abwino okhaokha. Agwirizana zoika magatala pa shedi ya malata ija kuti mvula ikayamba azikolola madzi a padenga, ndipo ndawasiyira pepala loti azilembapo Brix ndi kutentha kwa mgolo uliwonse m'mawa ndi masana mpaka Novembala atatha.